Alendo a M'matope

Lero tiwerenga za mbalame. Sitinena za nkhuku kapena nkhunda za pakhomo ayi. Tinena za mbalame zimene zimabwera m'dziko mwathu chaka ndi chaka, n'kukhala nafe miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, kenaka n'kubwerera kwawo.

Tonse timamdziwa namzeze. Mvula ikayandikira timaona anamzeze atandandalika pa waya, ndipo madzulo amakalowa m'bango kukagona. Pofika nthawi yokolola ambiri sitiwaonanso. Kodi tinayamba tadzifunsa kumene amapita? Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono. Pamene pali mawu ovuta tiime, tifunse aphunzitsi.

Nyengo zosemphana

Dziko lapansi ndi lobulungira ngati lalanje. Ife tili chakummwera. Kumpoto, ku Ulaya ndi ku Siberia, nyengo zimayenda mosemphana ndi zathu. Ife tikamaotha moto mu Juni ndi Julaye, kumeneko kwafunda. Kumpoto kwenikweni dzuwa sililowa kwa masabata angapo. Udzudzu ndi tizilombo tina timachuluka zedi. Imeneyo ndiyo nthawi imene mbalamezi zimaikira mazira ndi kulera ana, pakuti chakudya chili paliponse ndipo usana sukutha.

Koma nthawi yabwinoyo ndi yaifupi. Mu Seputembala masamba a mitengo amayamba kuyoyoka. Nyengo imeneyi m'Chipwitikizi amati outono. Posakhalitsa chisanu chimagwa, nthaka imauma gwa, ndipo madzi a m'madambo amalimba ngati mwala. Mbalame yodya nyongolotsi singathe kubaya mlomo m'nthaka yotere. Ikatsala, ifa. Choncho imadyeratu kwambiri, n'kunenepa, n'kunyamuka. Mafutawo ndiwo kamba wa paulendo.

Pali chinthu china chodabwitsa. Mwa mitundu yambiri ya mbalame za m'matope, makolo ndiwo amayamba kunyamuka. Ana amatsala, namatsatira okha pambuyo pa masabata angapo. Mwana amene sanatulukepo m'dambo lobadwira amadutsa zipululu ndi nyanja popanda womtsogolera. Akatswiri anapeza kuti mbalame zimadziwa njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, ndiponso zimamva mphamvu ya m'dziko imene imatembenuza singano ya kampasi.

Kuno zimafika kuyambira mu Seputembala mpaka Novembala, m'malimwe, ife tili kalikiliki kusosa m'minda. Zimabwerera mu Malichi ndi Epulo, m'masika, ife tikudya dowe. Ndiye kuti nthawi zabwino zoziona zilipo ziwiri: pofika ndi ponyamuka.

Anthu anadziwa bwanji?

Kale anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zawo zimapita. Ena, ngakhale ophunzira, ankati anamzeze amagona pansi pa matope a m'maiwe mpaka chisanu chitatha. Tisawaseke kwambiri. Munthu wosayenda amaganiza kuti dziko limathera kuseri kwa phiri.

M'chaka cha 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anaombera mbalame yaikulu yoyera ya miyendo yofiira, imene ena amati dokowe. Pakhosi pake panali patapyoza mkondo wa mtengo wa ku Africa. Mlenje wina wa kuno anaibaya, koma iyo inauluka nawo mkondowo mpaka ku Ulaya. Mbalameyo anaisunga, ndipo ili ku sukulu yaukachenjede ya ku Rostock.

Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, dzina lake Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo kumwendo. Pa kamphete kalikonse analembapo nambala ndi keyala. Nzeru imeneyi inafalikira m'maiko ambiri. Mu Disembala 1912 munthu wina ku Natal, ku South Africa, anagwira namzeze wa mphete. Anawerenga zolembedwazo nalemba kalata. Zinadziwika kuti namzezeyo anamveka mphete ku England mu 1911. Taonani: chikhala kuti munthuyo sanadziwe kuwerenga, bwenzi mpheteyo atangoitaya.

Masiku ano akatswiri amamangirira tizipangizo topepuka kumsana kwa mbalame, tolemba njira yonse. Mu 2018 anafalitsa zimene anapeza pa kambalame kotchedwa felosa-musical. Kambalameka n'kofanana ndi katimba, ndipo kamalemera magalamu 10, ngati masipuni aang'ono awiri a shuga. Kananyamuka kummawa kwenikweni kwa Russia, n'kuyenda makilomita pafupifupi 13,000, mpaka kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa dziko lathu la Moçambique.

Munda wa m'matope

Ambiri a ife timakhala kutali ndi nyanja yamchere. Tili ku Angónia, ku Macanga, ku Milange, kapena m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Koma ena tinafikako ku Beira kapena ku Quelimane, pa ntchito, pa malonda, kapena kukaona abale. Amene anafikako atiuze zimene anaona.

Gombe la dziko lathu ndi lalitali, kuposa makilomita 2,400, kuchokera ku mtsinje wa Rovuma mpaka ku Ponta do Ouro. Nyanja yamchere siili ngati nyanja yathu ya Niassa. Madzi ake amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Amatenga maola pafupifupi asanu ndi limodzi kukwera, ndi maola ena otero kuphwa. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6, ndiye kuti amuna atatu ataimirirana pamapewa, madzi n'kuwamiza onse.

Madzi akaphwa amasiya matope ndi mchenga wonyowa mtunda wautali. Mlendo akaona amati palibe kanthu. Koma m'matopemo muli nyongolotsi, tinkhono, tinkhanu ndi tizamoyo tina tosawerengeka. Amayi a kugombe amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake madzi akaphwa amatsika ndi madengu kukatola ndiwo. Mbalame nazonso zimatsika. Matopewo ndi munda wawo. Malo odziwika kwambiri ndi zilumba za Bazaruto, gombe la Inhambane, matope a ku Sofala, mathiriro a Zambezi ndi chilumba cha Inhaca pafupi ndi Maputo.

Tiyang'ane mlomo

Poyamba mbalame za m'matope zimaoneka zofanana zonse: zotuwa kumsana, zoyera kumimba, za miyendo yoonda. Ambiri amatopera pomwepa. Koma mlimi sasokoneza khasu, chikwakwa ndi nkhwangwa. Mlomo wa mbalame ndi chida chake. Tikayang'ana chidacho tidziwa mwini wake. Maina ambiri tiwatchula m'Chipwitikizi monga alili m'mabuku. Ngati kwanu zili ndi maina ake, tiuzeni, tiwalembe pa bolodi.

Yosavuta kuyamba nayo ndi maçarico-galego. Ndi yaikulu ngati msoti wa nkhuku, ya mawangamawanga ofiirira, ndipo mlomo wake ndi wautali wokhotera pansi ngati chikwakwa. Imaulowetsa m'dzenje la nkhanu n'kuitulutsa. Isanameze imayamba yaikutumula kuti miyendo ithothoke. Ikadzidzimuka imaimba likhweru lofulumira, kasanu ndi kawiri kapena kuyandikira pamenepo. Munthu akalimva kamodzi saliiwala.

Pali fuselo, wa mlomo wautali woongoka, wopindikira m'mwamba pang'ono. Mbale wake wa mtundu womwewu, wokhala mbali ina ya dziko, ndiye anachita zimene mbalame ina iliyonse sinalembedwepo kuti inachita. Mu Okutobala 2022 fuselo wa miyezi isanu yokha anauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita 13,560, masiku 11, osatera, osadya, osamwa.

Tarambola-cinzenta ali ndi mlomo waufupi wonenepa ndi maso aakulu. Iye safufuza m'matope. Amaima chilili, kuthamanga pang'ono, kujompha, n'kuimanso. Akauluka timaona banga lakuda m'khwapa mwake. Palibe mnzake wina wa banga lotere.

Pamene mafunde akuswekera pa mchenga pamakhala timbalame toyera tothamanga ngati tapsa mapazi. Funde likabwerera timalitsatira, likabwera timathawa. Timeneto ndi pilrito-das-praias. Mnzake, pilrito-de-bico-comprido, amayenda m'magulu aakulu, mutu uli pansi, kubaya matope ngati singano ya makina osokera. Pofika kuno amakhala wotuwa. Koma tikamuona mu Epulo, atatsala pang'ono kunyamuka, chifuwa chake chafiira ngati njerwa yootcha. Wavala zaukwati. Tarambola naye nthawi imeneyo mimba yake imada bii.

Si alendo onse ochokera ku chisanu. Ku Bazaruto ndi ku Inhambane kumapezeka mbalame yoyera ya mapiko akuda, ya mlomo wakuda wolimba ngati mpeni, yodya nkhanu. Iyo imachokera ku magombe otentha a ku Arabia ndi Somalia, kumene imakumba una mumchenga n'kuikiramo dzira.

Ife a kumtunda tisadandaule. Alendo ena amatera kwathu komwe: m'mbali mwa Zambezi, ku Cahora Bassa, ku Chiuta, ku Metangula, ngakhale pa dambo la kuseri kwa mudzi. Ndani sanaone kambalame kotuwa koyenda kokha m'mphepete mwa madzi, kakugwedeza matako osaleka? Kakadzidzimuka kamauluka pamwamba penipeni pa madzi, mapiko akunjenjemera. Kameneko ndi maçarico-das-rochas. Nako n'kochokera kumpoto.

Oimba a m'tchire

Kuseri kwa gombe kuli tchire, bango ndi minda. Kumeneko kumatera alendo a mtundu wina, mbalame zazing'ono zoimba. Zambiri zimayenda usiku, n'kutera m'bandakucha zitatopa. Chifukwa chake m'mawa wa mu Novembala chitsamba chimene dzulo chinali zii chikhoza kudzaza timbalame.

Namzeze amayenda usana, akudya ntchentche ndi udzudzu m'njira. Koma tisamale. Si anamzeze onse amene ali alendo. Amene amamanga zisa za dothi pansi pa milatho ndi m'makonde mwathu ndi a kuno. Mlendo wa ku Ulaya ali ndi khosi lofiira, mkanda wakuda pachifuwa ndi mimba yoyera, ndipo kuno samanga chisa. Amangodya, kusintha nthenga, n'kupita.

Ife imene imatikondweretsa koposa ndi felosa-palustre. N'kambalame kofiirira kobisala m'zitsamba zowirira, kovuta kukaona. Kamafika mochedwa, mvula itakhazikika. Luso lake n'kutsanzira nyimbo za mbalame zina. Katswiri wina wamkazi, Françoise Dowsett-Lemaire, anamvetsera nyimbo za timbalameti ku Belgium, napeza kuti timatsanzira mitundu ya mbalame yoposa 200, ndipo yambiri mwa iyo ndi ya ku Africa. Tangoganizani. Mlimi wa ku Ulaya ali m'munda mwake akumva kulira kwa pumbwa, koma iye sanamuonepo pumbwa.

Kaonedwe kake

Kuona mbalame sikufuna ndalama. Magalasi oonera patali amathandiza, koma maso, makutu, kope ndi pensulo n'zokwanira kuyambira.

Kugombe chofunika choyamba ndi kudziwa madzi. Madzi akaphweratu mbalame zimamwazikana kutali, sitingazione bwino. Tifike kutatsala maola awiri kuti madzi adzaze. Tikhale pansi pamalo ouma, dzuwa lili kumsana kwathu, tidikire. Madzi eni ake adzazikusa n'kubwera nazo kwa ife, monga mbusa akusira mbuzi kukhola. Tifunse asodzi za nthawi ya madzi. Iwo amadziwa kuposa buku. Ndipo tisayende patali m'matope popanda munthu wa komweko, chifukwa madzi amabwerera mofulumira ndipo amayamba kudzaza makwawa a kumbuyo kwathu.

Madzi akadzaza, mbalame zimaunjikana pa mchenga wouma kupumula, zina zitaima ndi mwendo umodzi. Pamenepo tisaziyandikire, ndipo agalu ndi ana tiwaletse kuzithamangitsa. Mbalame ikauluka pachabe imaotcha mafuta amene ikusungira ulendo. Zili ngati kuboola thumba la ufa la munthu amene akunyamuka mawa.

Nanga tingawerenge bwanji khamu lalikulu chotere? Tisawerenge imodzi imodzi. Tiwerenge khumi zoyamba, tione kukula kwa malo amene zatenga. Kenaka tiyese ndi maso: khumi, makumi awiri, makumi atatu, mpaka 100. Tikadziwa kukula kwa 100, tiyese mazana. Anthu awiri awerenge payekhapayekha, kenaka afanizire. Kunyumba tingayeserere ndi nyemba zomwazidwa pa mphasa.

Tikatha, tilembe. Tilembe tsiku, malo, nthawi, mtundu wa mbalame ndi chiwerengero chake. Ngati dzina sitikulidziwa, tijambule mlomo ndi miyendo, tilembe mtundu wa nthenga. Ena adzati, kulemba mbalame n'kwa ntchito yanji? Yankho lake ndi ili: mutu umaiwala, kope siliiwala. Agogo akati kale mbalame zinali zambiri, wachinyamata amatsutsa. Koma kope la zaka khumi palibe angalitsutse. Kuyambira mu 1967 anthu a m'maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi mwezi wa Januwale chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo si akatswiri. Ndi anthu wamba a makope.

Tikapeza mphete

Tsiku lina mwana akhoza kubwera ndi mbalame ya mphete kumwendo. Anthu ena amachita mantha, amati ndi zamatsenga. Ena amati mpheteyo ndi ya ndalama. Zonsezi si zoona. Mpheteyo ndi kalata chabe, ndipo palibe amene amaigula.

Ngati mbalameyo ili moyo, tiwerenge zolembedwazo, tizikopere m'kope mosaphonya ngakhale chilembo chimodzi, kenaka tiimasule ndi mphete yake. Ngati yafa, tichotse mpheteyo, tiiwongole, tiisunge pamodzi ndi pepala lonena tsiku ndi malo. Pa mphete pamakhala nambala ndi dzina la malo. Tikawerenga Moskva, ndiye kuti ndi ya ku Russia. Tikawerenga London, ndi ya ku England. Tikawerenga SAFRING, anaiveka kuno kummwera kwa Africa, ndipo ofesi yake ili ku Cape Town. Tipereke uthengawo kwa aphunzitsi, alangizi a zaulimi kapena ogwira ntchito m'nkhalango zotetezedwa, kuti autumize.

Koma tikapeza mbalame zambiri zitafera malo amodzi, tisazigwire ndipo tisadye. Kukhoza kukhala chimfine cha mbalame, chimene chimapha nkhuku ndipo nthawi zina chimagwira anthu. Tikanene kwa alangizi a ziweto.

Alendo akuchepa

Makope a m'maiko ambiri ataikidwa pamodzi akuonetsa chinthu chosakondweretsa. Mu 2024 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika tarambola-cinzenta ndi pilrito-de-bico-comprido m'gulu la zimene zikhoza kutha. Mbale wina wa maçarico-galego, wa mlomo woonda, anaoneka komaliza ku Morocco mu 1995. Anthu anamfunafuna zaka zambiri osampeza, ndipo tsopano akatswiri akuti anatheratu.

Zifukwa n'zambiri, ndipo zina zili kutali ndi ife. Kumpoto nyengo ikusintha. M'njira, matope amene mbalame zinkapumulirapo anawakwirira n'kumangapo madoko ndi mafakitale. Ulendo wa mbalame uli ngati ulendo wa basi: malo amodzi omwetsera mafuta akatsekedwa, ulendo wonse waima.

Koma mbali ina ili m'manja mwathu. M'matope a kugombe mumamera mitengo yosaopa mchere, imene anthu amati mangal. Masamba ake akagwa amawola n'kudyetsa tizamoyo ta m'matope. M'mizu yake mumakulira ana a nsomba ndi camarão. Mitengoyi ikudulidwa chifukwa cha makala, milimo ndi minda ya mchere. Sitikunyoza wodula. Tikudziwa kuti njala ndiyo imanola nkhwangwa. Koma mangal akatha, nkhanu zimatha, nsomba zimachepa, ndipo mbalame ndi msodzi amasowa pamodzi. Amene anali ku Beira mu Malichi 2019, pamene namondwe wa Idai anaomba, akudziwa mphamvu ya nyanja ikakwiya. Mitengo ya m'matope imachepetsa ukali wa mafunde asanafike pa nyumba za anthu.

Malo ena ndi otetezedwa kale. Zilumba za Bazaruto zinakhala malo otetezedwa mu 1971. Madambo a Marromeu, ku mathiriro a Zambezi, analembedwa mu 2004 pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndipo mbali yathu ya nyanja ya Niassa inalembedwa mu 2011. Koma mbalame siwerenga zikwangwani. Imatera pamene yatopera, ngakhale pa dambo lopanda mlonda.

Nkhani ya legeni ndi ulimbo ndi yovuta, ndipo tisanamizane. Ambiri a ife tinakula tikutchera mbalame, ndipo ndiwo zikasowa mwana sangaletsedwe ndi mawu okha. Komabe tiyerekeze. Kambalame ka magalamu 10 sikakwana ngakhale mbamu imodzi ya nsima. Kakakhala moyo kamadya tizilombo ta m'munda tsiku lonse, miyezi yonse ya dzinja. Mpheta zodya mapira ndi mpunga ndi nkhani ina. Tikambirane m'kalasi muno ngati ana athu angaphunzire kusiyanitsa mbalame yoononga ndi mlendo wodya tizilombo.

Tikambirane

Kodi kwathu kuno anamzeze ambiri amayamba kuoneka mwezi uti? Akuluakulu amati kubwera kwawo kumatanthauza chiyani?

Kodi pali wina amene anaonapo mbalame ya mphete? Anachita nayo chiyani?

Dambo la pafupi ndi mudzi wathu lili monga linalili tili ana? Chasintha n'chiyani?

Tilembe

Tilembe m'makope mawu awa: gombe, matope, mlomo, mphete, namzeze, ulendo.

Tiwerengere: kuchokera ku Tete kupita ku Beira pa msewu pali makilomita pafupifupi 600. Kambalame kaja kanayenda makilomita 13,000. Kodi ndi maulendo angati a ku Beira?

Sabata ino aliyense apite ku dambo, ku mtsinje kapena kugombe m'mamawa, akakhale chete kwa theka la ola. Pamwamba pa tsamba alembe tsiku ndi malo. Pansi pake alembe kapena kujambula mbalame zitatu zimene waona. Makopewo tibwere nawo pa phunziro lotsatira.